WOPENYA KANEMA ASAYESE KUTI WAWERENGA BUKU

Anthu acikulire a m'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi akumbukira bwino masiku amene galimoto ya Zambia Information Services inali kufika dzuwa litapendeka, ndi kupacika cinsalu coyera pabwalo la sukulu kapena la amfumu. Usiku umenewo ngakhale nkhalamba zinali kutuluka ndi timipando tao kukapenya kanema. Lero kanema salindiranso galimoto ya Boma. Ayenda m'matumba a acinyamata, ndipo m'makomboni a mu Lusaka monga Misisi, Chawama ndi Kanyama ana a sukulu aunjikana madzulo, mitu pamodzi, kupenya zithunzi zoyenda pa foni yosaposa cikhatho ca munthu.

Palibe coipa pa zimenezi. Koma pali cizolowezi cimodzi cimene cili kukula pamodzi ndi mafoniwo, ndipo makolo ndi aphunzitsi afunika kucizindikira msanga. Akanema ambiri acokera m'mabuku. Tsono wopenya akangotha kanema ayamba kunena kuti nkhani yonse aidziwa, buku lilibenso nchito. Maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo kulakwa kwace kuoneka poyera munthu akaika buku ndi kanema wace pa mphasa imodzi. Zitsanzo ziwiri zikwanira, cimodzi ca kufupi, ku Malawi, cina ca kutali, ku Japan. Zonse ziwiri zikamba za anthu osauka, ndipo zonse zikhudza mlimi wa kumudzi pamodzi ndi mbale wace amene anapita kukakhala ku Misisi.

MNYAMATA WA KU KASUNGU

William Kamkwamba anabadwa mu 1987, nakulira m'mudzi wa Masitala kufupi ndi Wimbe, m'boma la Kasungu, limene licita malire ndi Cigawo ca Kum'mawa ca dziko lino. Njala ya 2001 ndi 2002 itagwa m'Malawi, makolo ace analephera kulipira ndalama za sukulu ya sekondale ya Kachokolo, ndipo mnyamatayo anabwerera kumudzi. Ali ndi zaka 14 anapanga makina oyendera mphepo otulutsa magetsi. Mu 2009 analemba mbiri yace mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, Bryan Mealer, m'buku lochedwa The Boy Who Harnessed the Wind, kunena kuti mnyamata amene anagwiritsa mphepo nchito. Patapita zaka khumi, mu 2019, Chiwetel Ejiofor, wa ku Britain koma makolo ace a ku Nigeria, anatulutsa kanema wa dzina lomwelo, iye mwini nasewera ngati Trywell, atate wace wa William.

Kanema ameneyu ayenera kuyamikiridwa. Anajambulidwa m'Malawi momwemo, ndipo mau ambiri olankhulidwamo ndi a Cicewa. Gule Wamkulu aonekamo pa maliro, monga mwa mwambo wa Acewa. Pamene anthu akankhana pa msika wa Boma kulimbirana cimanga cotsala, wopenya amva mantha m'mimba mwace, cifukwa maso a munthu wanjala sangathe kulembedwa pa pepala monga m'mene aonekera pa cinsalu. Ndi zoona kuti Cicewa ca osewera ena cimveka colemera m'kamwa, popeza Maxwell Simba amene anasewera ngati William ndi wa ku Kenya, ndipo ambiri mwa osewera akulu-akulu anali alendo, kupatulapo anthu monga Lily Banda wa ku Malawi. Komabe akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Mlendo ameneyu anafikitsa cinenero ca Acewa m'makutu a anthu a maiko ambiri amene anali asanacimvepo.

Vuto lili pa mathero. M'kanema, William amanga makina ace njala ili pakati. Mphepo izunguza mapiko, pampu iyamba kukoka madzi m'citsime, madzi ayenda m'mizere, mbeu zimera m'cilimwe, ndipo mudzi upulumuka. Wopenya acoka ndi misozi ya cimwemwe. Koma buku likamba zina. Cimene cinathetsa njala ya caka cimeneco ndi dowe ndi maungu a m'munda, atakhwima anthu ambiri atafa kale. Makina anamangidwa pambuyo pace, ndipo nchito yace inali kuyatsa nyale m'cipinda ca William, kenaka nyale zinai za panyumba, kuliza wailesi ndi kuthira moto m'mafoni a anthu a pa msika. Madzi a mpope anafika pakhomopo patapita zaka, mnyamatayo atachuka kale pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, ndipo anthu akufuna kwabwino atathandiza ndi ndalama zokumbira citsime cakuya ndi zogulira pampu yoyendera dzuwa.

Kusiyana kwaciwiri kuli pa thukuta. Kanema satenga ngakhale maola awiri, motero kumanga makina kupita msanga ngati mvula ya mphepo. Buku likhalitsa pamenepo. Lionetsa mnyamata wofufuza m'dzala la zitsulo za esiteti yakale ya fodya tsiku ndi tsiku, mpaka atapeza cikupizo ca thirakitala. Lionetsa m'mene anaocera mapaipi a pulasitiki pamoto ndi kuwaphwathalitsa kuti akhale mapiko. Analibe coboolera, motero anali kutenthetsa msomali wozikidwa m'citsononkho. Analibe mawashala, motero anasula zitsekero za mabotolo. Nsanja yace ya mamita 5 inali ya mitengo ya bulugamu. Anthu a pa msika anali kumseka, namucha wamisala, ena namganizira kuti asuta camba. Nyale itayaka, mavuto sanathe: lamba anali kuduka, nthambo zinafuna kutentha nyumba, kufikira iye atapanga yekha kacipangizo kodula magetsi pogwiritsa misomali ndi maginito. Ndipo mvula itabvutanso mu 2006, ena anaimba mlandu makinawo kuti ndi ufiti wothamangitsa mitambo. Zambiri mwa izi wopenya kanema sazidziwa.

Kusiyana kwacitatu kuli pa manja amene anamgwiriziza. M'kanema, dainamo icokera pa njinga ya mphunzitsi amene anathawitsa mlongo wace wa William. M'buku, dainamoyo inagulidwa ndi bwenzi lace Gilbert, mwana wa Mfumu Wimbe, amene anaturutsa ndalama m'thumba lace pa nthawi imene ndalama zinali zosowa ngati mvula ya mu Ogasiti. Nyumba ya mabuku imene inamtsegula maso inali kacipinda ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, ka mabuku ocokera ku America, koyang'aniridwa ndi Mai Edith Sikelo. Ndipo dziko linamdziwa cifukwa cakuti mu 2006 Dr Hartford Mchazime, wa bungwe limene linaika mabukuwo, anafika kudzaona makinawo, nabwereranso ndi atolankhani. Pambuyo pace William anabwerera ku sukulu, namaliza maphunzilo ace ku Dartmouth College ku America mu 2014. Buku liphunzitsa kuti nzeru za mwana zifuna bwenzi, shelefu ya mabuku, ndi munthu wamkulu wocherapo khutu.

Kodi kusiyana kumeneku kuli ndi kanthu kwa mlimi wa muno m'Zambia? Kuli nako ndithu. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali ngozi ya dziko lonse. Cimanga cinapsa m'minda, madzi anatsika ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Mnyamata wa ku Chadiza amene anapenya kanema yekha angayese kuti dainamo ya njinga ingathe kuthirira munda wodyetsa mudzi. Akayesa nalephera adzataya mtima, nadziyesa wopusa. Koma amene anawerenga buku adziwa kuti mphamvu ya dainamo ndi yocepa, kuti nyale imodzi ndiyo inali ciyambi, ndi kuti madzi anafuna zaka, ndalama ndi anthu ambiri. Woyambayo wapatsidwa loto. Waciwiriyo wapatsidwa njira.

MUDZI WA PA DZALA KU JAPAN

Wina anganene kuti zonsezi zinacitika cifukwa wopanga kanema anali mlendo wosadziwa Kasungu. Citsanzo ca ku Japan cionetsa kuti ngakhale mwini dziko, ndiponso katswiri woposa anzace, sathawa lamulo lomwelo.

Mu 1962 mlembi wochuka wa ku Japan, Shugoro Yamamoto, anaturutsa buku lochedwa Kisetsu no nai machi, kunena kuti mudzi wopanda nyengo. Likamba za komboni ya anthu aganyu, oledzera, opempha-pempha ndi amisiri ang'ono-ang'ono, okhala m'timisasa m'mbali mwa mzinda waukulu, kumene dzinja ndi cilimwe zifanana cifukwa umphawi susintha. M'bukumo muli nkhani 15, iri yonse ya khomo lace. Yamamoto anamwalira mu 1967. Mu 1970 Akira Kurosawa, amene dziko lonse limlemekeza pa nchito ya akanema, anapanga kanema wocokera m'bukulo, namucha Dodes'ka-den. Ndiye anali kanema wace woyamba wa mitundu-mitundu, cifukwa onse a m'mbuyo anali a zoyera ndi zakuda.

Dzinalo ndi liu lotsanzira kulira kwa mawilo a sitima pa njanji. Licokera kwa mnyamata wozerezeka mutu, Roku-chan, amene m'mawa uli wonse ayendetsa sitima yosaoneka pakati pa milu ya zinyalala, akuimba liulo ndi pakamwa. Apa kanema apambana buku. Mnyamatayo akakhudza zitsulo za sitima imene kulibe, Kurosawa amveketsa kulira kwa zitsulo zeni-zeni, kotero kuti wopenya alowa m'mutu mwa wodwalayo, nayamba kumcitira ulemu m'malo momseka.

Muli nkhani inanso imene kholo liri lonse liyenera kuimva. Bambo wina wopempha-pempha agona ndi mwana wace wamng'ono m'cigoba ca galimoto yakufa. Mwanayo ndiye ayenda m'nyumba zodyera kupempha makombo, pamene atate wace akhala pansi namanga nyumba ndi pakamwa: cipata cace cikhale cotere, khonde cakuti. Tsiku lina wophika apatsa mwanayo nsomba, namcenjeza kuti akaiwiritse. Atate wace akana, nati nsomba yotere sifuna moto. Onse awiri adwala m'mimba, bamboyo sapita kwa dokotala, ndipo mwanayo afa atapempha kuti nyumba yaoyo idzakhale ndi dziwe losambiramo. Kurosawa aonetsa nyumba ya m'malotoyo pa cinsalu, yowala ndi yokongola, pambali pa nkhope yotuwa ya mwana. Palibe wopenya angaiwale zimenezo.

Koma pa nkhani 15 za m'buku, Kurosawa anatengapo zisanu ndi zitatu. Zisanu ndi ziwiri zinatsala, ndipo pakati pa zotsalazo pali ziwiri zimene munthu wa m'komboni angazindikire msanga koposa. Imodzi ndi ya mnyamata wogwira nchito molimbika amene ndalama zace zithera kwa amace ndi kwa mkulu wace wosathandiza, kotero kuti iye sakwera ngakhale phazi limodzi. Ina ndi ya mai waukhondo ndi wosunga ndalama kopitirira muyeso, amene acepetsa cakudya ca banja pofuna tsogolo labwino, mpaka ana ace akazi adwala ndi kufa mmodzi-mmodzi. Nkhani zimenezi ndi za kuwerengera makobili, ndipo kuwerengera makobili sikuoneka bwino pa cinsalu. Kanema anasankha zimene diso lingagwire, monga maloto, misala ndi kuledzera. Kuonjezera apo Kurosawa, amene anali mmisiri wa zojambula, anapaka utoto timisasa, nthaka ndi thambo lomwe, motero dzala linawala ngati nsalu yatsopano. Kanemayo sanagulidwe bwino ku Japan, ngakhale kuti kunja anaikidwa pa mpikisano wa mphoto ya Oscar. Ndi nchito yaikulu ndithu. Komabe cikome-kome ca nkuyu mkati muli nyerere, ndipo nyererezo zipezeka m'buku.

ZIMENE KAMERA SIONA KU MISISI

Munthu wa ku Misisi sangacite cilendo ndi mudzi wa Yamamoto. Komboni imeneyi ili kum'mwera kwa mzinda wa Lusaka, pafupi ndi njanji ndi mseu wa Kafue, ulendo waufupi wa pansi kucokera ku masitolo a pakati pa mzinda. Kale kunali kukumbidwa miyala, ndipo maenje otsalawo anasanduka maiwe. Mvula ikagwa madzi alowa m'nyumba ndi m'zimbudzi, ndipo kolera sakhala patali. Mu 2024 matendawa atabuka mu Lusaka, bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala, ndipo sukulu zinacedwa kutsegulidwa.

Mlendo wobwera ndi kamera ajambula madzi, zinyalala ndi ana osabvala nsapato, cifukwa zimenezi ndizo zioneka. Kamera siona lendi ya kumapeto kwa mwezi, kapena mtengo wa cigubu ca madzi pa mpope. Siona mai amene aphwanya miyala tsiku lonse nagawa ndalama yace pawiri, ina ya ufa, ina ya yunifomu. Siona mnyamata amene atumiza ndalama kwa makolo ku Petauke iye atagona ndi njala, monga mnyamata uja wa ku Japan amene Kurosawa anamsiya. Zimenezi ndizo moyo weni-weni wa komboni, ndipo zifuna mau ambiri ndi nthawi yaitali kuti zimveke. Wacinyamata wa kumudzi amene aganiza zopita ku Lusaka afunika kumva zimenezi asanagulitse mbuzi ya amace kuti apeze ya basi.

Motero m'zitsanzo zonse ziwiri kanema acita cinthu cimodzi-modzi. Ku Kasungu anafupikitsa zaka kuti umphawi uthe m'madzulo amodzi. Ku Japan anaukometsa ndi utoto, nasiya masamu ace. Opanga akanemawo sanali abodza. Anali ndi maola awiri cabe, ndipo anayenera kusankha, monga mai wopita ku cigayo asankha zimene zingalowe m'dengu limodzi. Wolakwa ndi uyo ayesa kuti dengulo ndiyo nkhokwe yonse.

MAU A OTSUTSA

Alipo amene adzati kukamba kotere ndi kwa anthu ophunzira. Mabuku ndi odula, ambiri ali m'Cingelezi, ndipo agogo a kumudzi amene sanapite ku sukulu sangawerenge, pamene kanema angampenye. Mau amenewa ndi oona, ndipo palibe wanzeru angaletse kanema. Dziko lino lidziwa bwino mphamvu ya nkhani yosalembedwa: Julius Chongo anali kusonkhanitsa midzi yathunthu pa wailesi imodzi ndi Poceza m'Madzulo, ndipo omvera ace ambiri anali asanagwirepo buku. Koma kusowa kwa mabuku si cifukwa cowanyozera. Ndi cifukwa cowafunira. Munthu sanena kuti nsima ndi yosafunika popeza ufa wadula.

Cofunika tsono ndi cakuti kanema akhale woitanira, buku likhale mphwando. Mphunzitsi amene aonetsa ana kanema wa Kamkwamba awawerengerenso mitu iwiri kapena itatu ya m'buku, nawafunse kuti achule zimene zasintha ndi cifukwa cace. Phunzilo limenelo lidzawateteza moyo wao wonse, pakuti mwana wodziwa kuti cithunzi cimasankhidwa ndi munthu sanyengeka msanga ndi zimene ziyenda-yenda m'mafoni. Mwana wodziwa kuwerenga awerengere agogo ace madzulo, akumasulira m'Cinyanja, monga kale anali kuwerengera makalata ocokera ku migodi. A Zambia Library Service, makhonsolo ndi makomiti a makolo pa sukulu aikepo mtima kuti sukulu iri yonse, ya ku Misisi ngakhale ya ku Vubwi, ikhale ndi shelefu yotseguka kwa mwana amene wasiya sukulu, cifukwa William analoledwa kubwereka mabuku pamene sanalinso mwana wa sukulu. Osindikiza monga Zambia Educational Publishing House aganizire zomasulira mabuku otere m'zinenero za muno. Ndipo acinyamata a m'makomboni amene adziwa kulemba alembe okha za makomo ao, monga Yamamoto analembera za anansi a ku Japan, kuti mlendo wa kamera akadzabwera adzapeze eni ace atanena kale.

Mbiri ya Kamkwamba yomweyo ndiyo iweruza mlanduwu. Cimene cinamkoka poyamba cinali cithunzi: makina atali-atali a mphepo pa cikuto ca buku lochedwa Using Energy. Akadangocipenya nacoka, bwenzi lero palibe amdziwa. Koma anatsegula, nakhala pansi ndi mabuku a sayansi a m'kacipindako, Cingelezi cace ciri copereŵera, akulondola mau ndi cala kucokera pa cojambula kupita pa ciganizo, akufunsa Mai Sikelo tanthauzo la mau obvuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Cithunzi cinamuitana pakhomo, koma nyale inayaka cifukwa cakuti analowa m'nyumba.